Mudzi wa ku India wa wovota mmodzi: makina ovotera amafika, nanga msewu?

MphunzitsiWakale
Abale, ndithandizeni kumvetsa nkhani iyi. Ku India, m'chigawo cha Arunachal Pradesh chomwe chili kumalire ndi China, kuli kamudzi kotchedwa Malogam, m'boma la Anjaw. Pa chisankho cha 2019 komanso cha 2024, m'kaundula wa malo oponyera voti a kumeneko munali dzina limodzi lokha, la mayi wina. Ogwira ntchito za chisankho, apolisi ndi onyamula katundu anasenza makina ovotera n'kuyenda wapansi m'mapiri, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kuti mayiyo aponye voti yake. Kalembera wa 2011 anapeza anthu osakwana ndi 10 omwe m'mudzimo. Ndayamikira khama lawo, koma mtima wanga sunakhazikike. Ngati boma likuidziwa njira yopita kumeneko, bwanji silikonza msewu? Kodi mayi ameneyu akadwala usiku, ndani amasenza mankhwala kupita nawo kumeneko?

NaBanda77
Aphunzitsi, funso lanu lomalizalo landikhudza. Voti imabwera kamodzi pa zaka zisanu, matenda alibe kalendala.

Kabaza_Express
Msewu wa anthu osakwana 10? Akuluakulu, tiyeni tinene chilungamo. Ngakhale mutakhala inuyo nduna ya zachuma simungasaine zimenezo.

Injiniya_Chiwaya
Ndiyankhe motalikirapo, chifukwa nkhaniyi ili ndi malamulo ake. Chisankho ndi msewu zimayendera miyeso iwiri yosiyana. Bungwe loyendetsa zisankho ku India limatsata mfundo yoti wovota asayende mtunda woposa makilomita 2 kukaponya voti. Mfundoyi siyang'ana kuti anthu alipo angati. N'chifukwa chake ngakhale m'nkhalango ya Gir ku Gujarat, pamalo otchedwa Banej, amakatsegula malo ovotera chifukwa cha wansembe mmodzi wa pakachisi.

Msewu ndiye umayamba ndi kuwerenga mitu. Pa 25 Disembala 2000, boma la Atal Bihari Vajpayee linakhazikitsa ndondomeko ya misewu ya kumidzi yotchedwa Pradhan Mantri Gram Sadak Yojana, mwachidule PMGSY. Cholinga chinali choti mudzi ukhale ndi msewu wodutsika chaka chonse, dzinja ndi chilimwe chomwe. Koma anaika malire. Kuchidikha, mudzi uyenera kukhala ndi anthu 500 kapena kuposa. Kumapiri, kuchipululu ndi m'madera a mitundu ya anthu yomwe boma limaiteteza mwapadera, anatsitsa kufika pa 250. Pambuyo pake, m'madera ena momwe munali zigawenga za Maoist anatsitsanso mpaka 100. Tsono Malogam sangayandikire n'komwe pa mzere uliwonse mwa imeneyi.

Ndipo si Malogam yekha. Kalembera wa 2011 anapeza midzi yokhalamo anthu pafupifupi 600,000 m'dziko lonselo, ndipo yoposa 80,000 mwa imeneyi inali ya anthu osakwana 200. Tikamakamba za kamudzi kamodzi, kumbuyo kwake kuli chinamtindi cha tinzake.

MphunzitsiWakale
Zikomo a Injiniya. Ndiye kuti mudzi wa anthu 240 kumapiri umasiyidwa, wa 255 n'kupatsidwa tala?

Injiniya_Chiwaya
Pa pepala ndi momwemo, koma pali kampata. Amaloleza kuphatikiza timidzi toyandikana n'kutiwerenga ngati gulu limodzi. Kuchidikha tiyenera kukhala mkati mwa mamita 500, kumapiri kilomita imodzi ndi theka poyenda m'njira. M'madera a kumalire, monga Anjaw, amafika mpaka makilomita 10. Ndiye si kuti sanaganizepo. Vuto n'lakuti kumeneko anthu ndi omwazikana kwambiri. Boma la Anjaw n'lalikulu masikweya kilomita 6,190, pafupifupi ngati boma lonse la Lilongwe, koma mu 2011 munali anthu 21,167 okha. Muyerekeze nokha kuti nyumba zatalikirana bwanji.

Wa_ku_Angonia
Njira yachidule ilipo: kuwasamutsa anthuwo, n'kuwaika pamodzi pafupi ndi msewu womwe ulipo kale. Koma ine sindingaivomereze. Kwathu kuno ku Mozambique, boma litangolandira ufulu mu 1975 linasonkhanitsa anthu m'midzi ya pamodzi, ndi lonjezo la sukulu, chipatala ndi madzi. Ku Tanzania anachitanso zomwezo m'zaka za m'ma 1970. Agogo anga ankasimba kuti anthu ankagona kumudzi watsopano koma mtima uli kumunda wakale, ndipo ambiri ankayenda mtunda wautali m'mawa uliwonse kukalima komwe anachokera. Munthu sumuzula pa nthaka ya makolo ake chifukwa choti iweyo ukufuna masamu ako atheke.

Kabaza_Express
Ine sindinanene zosamutsa munthu mokakamiza. Ndikungoti ndalama ya msewu umodzi wa m'phiri ingathandize midzi ingapo ya kuchidikha. Ana a kumeneko si anthu?

NaBanda77
Ndi anthu ndithu. Koma a Kabaza, mawu amenewo timawamva kulikonse, ndipo amene amauzidwa kuti adikire amakhala yemweyo chaka ndi chaka.

Dehradun_Nyasa
Moni nonse. Ine ndikuphunzira kuno ku Dehradun, m'chigawo cha Uttarakhand, kumapiri a Himalaya. Ku Arunachal n'kutali ndi kuno, koma zomwe mukukambazi ndaziona m'boma la Pauri Garhwal, komwe mnzanga wa m'kalasi anandiitana pa tchuthi.

Kuyenda kwake kuli chonchi. Basi imakusiyani pa tauni yaing'ono. Pamenepo mumakwera jipi ya matola, kawirikawiri Mahindra Bolero, yomwe sinyamuka isanadzaze. Pamwamba pamakhala matumba a ufa wa tirigu, masilinda a gasi ndi zikwama. Dalaivala ndiye amanyamulanso mankhwala a nkhalamba ndi timaphukusi tochokera kwa ana omwe ali ku Delhi, n'kumatisiya pa mashopu a m'njira. Msewu ukatha, mumatsika n'kuyamba kukwera masitepe a miyala. Mnzangayo anandilanda chikwama osandifunsa, chifukwa anaona mmene ndinkapumira.

Chomwe chinandipweteka mtima ndi zomwe ndinapeza pamwamba. Nyumba zokongola za miyala, madenga a miyala yaphanthiphanthi, zitseko zosema bwino, koma zambiri zili ndi maloko a dzimbiri. Pa khonde la nyumba ina panamera chitsamba chofika m'chiuno. Minda ya m'mbali mwa phiri, yomwe makolo anaimanga ngati makwerero, yabwerera thengo. Otsala ndi nkhalamba zochepa, ndipo akalima pang'ono anyani ndi nguluwe zimamaliza, chifukwa palibenso anyamata olondera. Agogo ake a mnzangayo akamatuluka madzulo amanyamula ndodo ndi tochi poopa kambuku.

Izi si za mudzi umodzi. Pakati pa kalembera wa 2001 ndi wa 2011, maboma a Pauri Garhwal ndi Almora anthu anachepa m'malo mochuluka. Boma la chigawochi linakhazikitsa komiti yoona za kusamuka kwa anthu mu 2017, ndipo lipoti lake la 2018 linati midzi 734 inatsala yopanda munthu chichitikireni kalembera wa 2011. Ndiye taonani mmene chingwe chimamangikira: msewu kulibe, achinyamata amachoka; akachoka, chiwerengero chimatsika; chikatsika, mudziwo umatalikira mzere wa 250 uja. Mudzi womwe ukufunitsitsa msewu ndi womwe ukutaya mwayi woupeza.

MphunzitsiWakale
Mwana wanga, wafotokoza bwino. Zimenezi ndi zomwe zimandivuta ine. Chiwerengero chomwe akuyezera si choima malo amodzi, chikusuntha chifukwa cha msewu womwewo.

Mlimi_wa_Nandolo
Pepani ndipatuke pang'ono. A Dehradun, kodi nandolo wathu mumamuona m'mashopu kumeneko? Ife kuno ku Mulanje sitidzaiwala 2017, India atachepetsa nandolo wolowa m'dziko mwake. Mtengo unagwa mpaka ena anangomusiya m'munda.

Dehradun_Nyasa
Bambo, nandolo ndiye ndiwo ya tsiku ndi tsiku kuno, amamugaya n'kuphika msuzi wa dal. Koma pa paketi yomwe ndimagula sindinaonepo dzina la Malawi. Akangolowa m'fakitale yogayira amasakanikirana ndi wa kwina. Mu 2021 maiko awiriwa anasainirana pangano la matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu.

Mlimi_wa_Nandolo
Panganolo tinalimva. Koma vuto lathu likufanana ndi la anzathu a kumapiriwo. Vendala akafika pa mudzi wopanda msewu, mtengo amatchula yekha, poti akudziwa kuti thumba sungalisenze pamutu mpaka pa boma.

Kabaza_Express
Apa ndiye mwalowa m'munda mwanga. Njinga yamoto yomwe ndimayendetsa ine ndi Bajaj Boxer, yopangidwa ku India konko. Pomwe minibasi yakana, ine ndimalowa, thumba la nandolo kumbuyo. Bwanji eni ake osangochita zomwezo? Njira ya njinga sifuna ndalama ngati msewu wa lole.

Nesi_pa_Ntchito
Amachita, a Kabaza. Ku Chhattisgarh, m'boma la Narayanpur, kuli ma ambulansi a njinga zamoto okhala ndi kabedi kofoleredwa m'mbali, onyamulira amayi oyembekezera kuchokera m'nkhalango ya Abujhmad. Koma njinga sikwera masitepe. Kumapiri ngati komwe a Dehradun akunena, komanso m'midzi ya m'mapiri a ku Andhra Pradesh, wodwala amamunyamula pa machira: nsalu kapena mpando womangirira ku nsungwi, amuna awiri kapena anayi n'kumalandirana mpaka pomwe ambulansi yomwe amaiitana poimba nambala 108 ingafike.

Ndilankhule monga namwino. Mayi akayamba kutaya magazi atangobereka, nthawi yomwe tili nayo ndi maola ochepa kwambiri. Ndinalandirapo mayi wotere, atabwera pa ngolo usiku mvula ikugwa, chifukwa galimoto inakanika kuoloka mtsinje. Apongozi ake anali atagwirizira nyali ulendo wonse, zovala zili chonyowa. Tinayesetsa, mwana anapulumuka, mayi ake ayi. Ndikamva anthu akukangana za mtengo wa kilomita imodzi ya msewu, ine ndimaona nkhope ya apongozi aja.

Ndipo pali mfundo ina pa zomwe a Dehradun anena. Machira amafuna anyamata amphamvu. Mudzi ukatsala ndi nkhalamba zokhazokha, ngakhale machirawo palibe wowanyamula.

NaBanda77
Pepani amayi. Ntchito yanu ndi yolemera.

Mnyamata_wa_Ndirande
Koma anthu asamangodikira boma. Ku India komweko kunali bambo wina dzina lake Dashrath Manjhi, wa m'mudzi wa Gehlaur kufupi ndi Gaya, ku Bihar. Mkazi wake anavulala paphiri mu 1959 n'kumwalira chifukwa chipatala chinali kuseri kwa phirilo. Bamboyu anatenga hamala ndi tchizulo, kuyambira 1960 mpaka 1982, zaka 22, n'kuboola njira yotalika mamita 110 pakati pa thanthwe. Ulendo wa pakati pa Atri ndi Wazirganj unafupika kuchoka pa makilomita 55 kufika pa 15. Munthu mmodzi yekha!

Nesi_pa_Ntchito
Achimwene, nkhani imeneyo ine imandimvetsa chisoni kuposa kundilimbikitsa. Munthu wosauka, wolima m'minda ya eni ake, anataya zaka 22 za moyo wake kugwira ntchito yomwe makina akanaimaliza m'nyengo imodzi. Anamwalira mu 2007, boma la Bihar linamuika m'manda mwaulemu wa boma, ndipo tala pa njira yakeyo anathira iye atapita kale. Timulemekeze ndithu. Koma tisamuuze mayi wa ku Malogam kuti naye atenge hamala.

Mnyamata_wa_Ndirande
Sindikutsutsa. Koma pakanapanda iyeyo, Gehlaur ndani akanaudziwa?

Zachuma_Lero
Ndiponyeko mwala m'dziwe. Tonse pano tikuganiza kuti msewu ukafika, mudzi umadzuka. Akatswiri awiri a zachuma, Sam Asher ndi Paul Novosad, anafufuza zimenezi pogwiritsa ntchito malire omwe a Injiniya atchula aja. Anayerekeza midzi yomwe inangopitirira pang'ono mzere wa chiwerengero n'kulandira msewu, ndi ina yofanana nayo yomwe inaperewera pang'ono. Zotsatira zinatuluka mu 2020 mu magazini ya akatswiri a zachuma ya American Economic Review. Anapeza kuti magalimoto onyamula anthu anachulukadi, koma zokolola, ndalama za mabanja ndi katundu wawo sizinasinthe kwenikweni m'zaka zoyambirira. Kusintha kwakukulu kunali kwakuti anthu ambiri anasiya ntchito za kumunda n'kukagwira zolipidwa kunja kwa mudzi. Walira mvula walira matope. Msewu womwe umabweretsa ambulansi ndi womwewo umatenga anyamata.

MphunzitsiWakale
Ndiye mukuti asamange?

Zachuma_Lero
Ayi bambo. Ndikuti tisalonjeze zomwe msewu sungachite. Kafukufuku wina wa akatswiri omwewa pamodzi ndi Anjali Adukia anapeza kuti m'midzi yomwe inalandira misewu, ana ankakhalitsa pa sukulu. Zimenezo n'zokwanira kwa ine. Koma wonena kuti tala yekha abwezera anthu m'nyumba za maloko zija akudzinamiza.

NaBanda77
Komanso mnyamata kukagwira ntchito ku tauni m'mawa n'kubwera madzulo, kapena kubwera Loweruka lililonse, n'zosiyana ndi kupita osabweranso. Popanda msewu amachoka ndi banja lonse. Ine sindikuona vuto kuti wasiya khasu, bola mayi ake akumuona.

Dehradun_Nyasa
A NaBanda anena zoona. Mnzanga uja akuti midzi yomwe ili m'mbali mwa msewu nayo yachepa anthu, koma pa nthawi ya maukwati ndi miyambo ya milungu ya pamudzi imadzaza, chifukwa munthu amatha kuchoka ku Delhi usiku n'kufika mawa lake. Kwawo, komwe n'kokwera masitepe, azakhali ake omwe ali ndi vuto la mawondo anasiya kupitako ngakhale pa maliro.

Wa_ku_Angonia
Tibwerere ku Malogam. Pali chinthu chomwe sitinachikhudze: malire. Ku Anjaw komweko, pa Walong, asilikali a India ndi a China anamenyana koopsa mu 1962. Kwa zaka zambiri pambuyo pake India ankasiya dala madera a kumalire opanda misewu, poopa kuti mdani angaigwiritse ntchito polowa. Nduna ya zachitetezo A. K. Antony inavomereza zimenezi m'nyumba ya malamulo mu 2013. Ndiye kusowa kwa msewu kumeneko si nkhani ya masamu okha. Linali ganizo la boma, ndipo amene analipira ndi anthu a mtundu wa Mishmi omwe amakhala m'mapiri amenewo.

Injiniya_Chiwaya
Mwakumbutsa mfundo yofunika. Panopa mphepo yatembenuka. Mu Epulo 2023 boma linakhazikitsa Vibrant Villages Programme, ndipo mwambo wake unachitikira pa Kibithoo, m'boma la Anjaw lomwelo. Cholinga n'choti anthu asachoke m'midzi ya kumalire, chifukwa mudzi wokhalamo anthu ndi umboni woti nthakayo ili ndi mwini. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti mudzi waung'ono wa pakati pa dziko, womwe suli pafupi ndi mdani aliyense, ulibe chifukwa chotere choukumbukira.

Kumanga kumeneko si masewera. Taonani Vijaynagar, m'boma la Changlang ku Arunachal komweko. Msewu wochokera ku Miao ndi makilomita 157, wodutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Namdapha. Kwa zaka zambiri anthu ankayenda wapansi masiku angapo kapena kudikira ndege ya asilikali, ndipo mchere ndi simenti zinkafika pamsana pa munthu. Mvula ya kumeneko ndi yambiri, mapiri ndi ogumuka msanga. Mumadula phiri chaka chino, dzinja likubwerali nthaka yatsetsereka n'kukwirira zonse. Mu PMGSY kontilakitala amakakamizidwa kusamalira msewu kwa zaka zisanu ataumaliza, mfundo yomwe ndimaisirira kwambiri, koma zaka zisanuzo zikatha mtolo umagwera boma la chigawo.

Kabaza_Express
Mwaona? Ndiye mukubwera kumbali yanga.

Injiniya_Chiwaya
Theka lokha. Ndikuvomereza kuti si khomo lililonse lingafikiridwe ndi tala. Ndikukana zoti pakati pa tala ndi kusiyidwa palibe china. Pali njira ya wapansi yomangidwa ndi miyala kapena konkire, yokhala ndi zogwirira pa malo otsetsereka. Pali mlatho wolenjekeka wa zingwe zachitsulo m'malo mwa wa nsungwi womwe umafuna kumangidwanso kawirikawiri. Pali kachingwe konyamulira katundu kuoloka chigwa. Ku Nongriat, m'chigawo cha Meghalaya, anthu amatsika masitepe oposa 3,000 kuchokera ku Tyrna, ndipo mitsinje amaolokera pa milatho yomwe anthu a mtundu wa Khasi amaluka ndi mizu ya mitengo yamoyo. Galimoto sifika, koma njira ilipo ndipo ndi yosamalidwa. Muyeso usakhale woti pali mitu ingati. Ukhale woti munthu wodwala amatenga maola angati kufika kwa dokotala.

Nesi_pa_Ntchito
Pamenepo ndasaina. Ndiwonjezere kuti ku India kuli amayi a zaumoyo a m'midzi otchedwa ASHA, omwe anayamba mu 2005. Kawirikawiri amakhala mmodzi pa anthu 1,000, koma kumapiri ndi kumadera ovuta kufikako lamulo limalola mmodzi pa kamudzi. Mayi wotere akadziwa tsiku la woyembekezera n'kumutsitsa kuphiri masabata awiri lisanakwane, monga timachitira ndi zidikiro m'zipatala zathu, wapulumutsa moyo popanda kilomita imodzi ya tala. Koma ngozi, njoka ndi matenda a usiku sizidikirika.

MphunzitsiWakale
Funso lina, a Injiniya. Mwakhala mukutchula 2011. Chiwerengero chatsopano palibe?

Injiniya_Chiwaya
Kalembera wa 2021 anaimitsidwa chifukwa cha Covid-19, ndipo boma linalengeza kuti achitika mu 2027. Gawo lachinayi la PMGSY, lomwe linavomerezedwa mu Seputembala 2024 kuti limange makilomita 62,500 ofikira timidzi 25,000, likuyendera chiwerengero cha 2011. Gawo loyamba linkayendera cha 2001.

Zachuma_Lero
Apo pali mbali ziwiri. Mudzi wa kuchidikha womwe unali ndi anthu 480 mu 2011 n'kutheka kuti lero wadutsa 500 kalekale, koma ukudikirabe. Mudzi wa kumapiri womwe unali ndi 260 n'kutheka kuti lero watsala ndi theka, ndiye chiwerengero chakalecho chikuuteteza. Kalembera watsopano akadzatuluka, woyambayo adzalowa, wachiwiriyo adzagwa ngati msewu wake sunayambike.

Dehradun_Nyasa
Kwawo kwa mnzanga zimenezi akuzidziwa. Ali ndi gulu la pa WhatsApp la ana a m'mudzimo omwe ali ku Delhi, Dehradun ndi Mumbai, ndipo amasonkha ndalama zokonzera masitepe mvula ikatha. Tsopano akukambirana zoti mabanja omwe angathe abwerere kumudzi nyengo ya kalembera, kuti nyumba zikapezeke zotsegula. Ena akukana, akuti n'kunamiza boma, poti ana awo sukulu amaphunzira ku tauni. Mkanganowo sunathe.

NaBanda77
Ine ndikanakhala wa m'mudzimo ndikanapita. Nyumbayo ndi yanga, munda ndi wanga, ndipo chomwe chinandichotsa ndi msewu womwewo. A Dehradun, mudzatiuze zomwe adzagwirizane.